Tsiku Limene Tandix Inatchuka pa Mponela

Kuseri kwa situdiyo ya Chitunda FM pa Mponela kunali kachipinda komwe kale ankasungiramo matsache, ndipo m'kachipindamo ndi momwe munkakhala Nedson Mkwaila ndi kompyuta yake. Matsachewo sanachokemo onse, anangophunzira kukhalirana.

Kompyutayo inali yokalamba. Sukulu ina ya kwa Kasakula inaitaya ati yafa, Nedson n'kuitola, kuipukuta fumbi, n'kuikamo sisitimu yotchedwa Tandix. Sisitimu ndi pulogalamu yaikulu imene imadzutsa kompyuta ndi kuyendetsa mapulogalamu ena onse. Popanda iyo, kompyuta ndi bokosi loti nkhuku iikiremo mazira. Anthu ambiri amadziwa Windows. Anyamata a m'tauni, aja ovala magalasi maso ali bwinobwino, amadziwanso Linux. Koma Tandix ankaidziwa Nedson ndi anthu ena mwina makumi anayi omwazikana m'maiko ozizira, amene ankailemba mwa kufuna kwawo akaweruka kuntchito, n'kumaigawa ulere kwa aliyense woifuna. Woifunayo ndi amene ankasowa.

Kwa zaka zisanu ndi zinayi kompyuta ija inkaulutsa nyimbo, mauthenga a maliro ndi malonda a mankhwala a ntchemberezandonda, osatsokomolako ngakhale kamodzi. Tsono poti sinkawonongeka, palibe ankadziwa kuti ilipo. Jenereta ya wailesiyo, yomwe inkafa sabata iliyonse, inali yotchuka mpaka kwa Nachisaka, moti omvera ankaimba foni kufunsa kuti yadzuka bwanji.

Izi zinkamuwawa Nedson kuposa dzino. Analembera nyuzipepala makalata asanu ndi awiri, ndipo yankho lomwe analandira linali lomwe amalandira munthu woitana mbuzi ya eni. Ulendo wina anakwera minibasi kupita ku Lilongwe, kumsonkhano wa anthu okonda mapulogalamu aulere, poganiza kuti kumeneko ndiye kwa abale. Abalewo anamupatsa mphindi zitatu nthawi yomwe anthu anali atayamba kale kufola mzere wa chakudya. Atamaliza, mnyamata wina wa ndevu zometa mwaluso anamugwira paphewa mwachifundo.

"Akulu, bwanji osangogwiritsa ntchito Linux ngati munthu wabwinobwino?"

Nedson anabwerera ku Mponela ataphunzira kuti ngakhale pakati pa amphawi pamakhala wina amene anzake amamuloza kuti wosauka ndi uyu.

Anaganiza zoyambira pakhomo. M'mawa wina anagogoda ku ofesi ya mkulu wa wailesiyo, Mayi Priscilla Kachingwe, kupempha mphindi khumi zokha kuti auze anthu za sisitimu imene inkanyamula wailesi yawo.

"Mwini wake ndani?" anafunsa Mayi Kachingwe, maso ali pa foni.

"Ilibe mwini, mayi. Ndi ya aliyense."

"Ali ndi ofesi?"

"Ayi."

"Galimoto yolembedwa m'mbali?"

"Ayi, mayi."

"Ngakhale matisheti?"

Nedson anapukusa mutu. Mayi Kachingwe anaika foni pansi n'kumuyang'ana ngati akumuona koyamba.

"A Mkwaila, mukufuna ndilengeze chinthu chopanda mwini, chopanda ofesi, chosaoneka, koma chikugwira ntchito muno usana ndi usiku? Kwathu ku Ntchisi chinthu chotero timachiitanira abusa, osati atolankhani."

Kunyumba nakonso kunalibe chisoni. Mkazi wake Faines, yemwe ankaphunzitsa sitandade 6, anamvetsera nkhaniyo uku akuchonga makope.

"Bambo a Susana, kachipembedzo kanuka kali ndi mbusa mmodzi, mkulu wampingo mmodzi, ndi mkhristu mmodzi, onsewo ndi inu nomwe. Mwina ndi bwino, simudzagawikana."

Mwayi unabwera Loweruka lina mwezi wa Okutobala, pa tayala la njinga yamoto. Mlangizi wa zaulimi amene ankayenera kukhala mlendo pa pulogalamu ya Pabwalo ndi Dave anaimba foni kuti tayala laphulika asanatuluke n'komwe kwa Nachisaka. Inali 9 koloko itapitirira, pulogalamu ili pafupi kuyamba. Dave, muulutsi wake, anazungulira nyumba yonse kufuna munthu wokhala ndi pakamwa. Mlonda anakana. Anatsala Nedson.

Dave anali ndi mphatso: ankatha kufunsa funso n'kuliyankha yekha mlendo asanameze malovu. Pamene ankalowa mu situdiyo anangofunsa kamodzi kuti, "Ndiye akuti chiyani kanthu kanu kaja?" ndipo yankho analimvera pakhomo.

"Amayi ndi abambo, Dowa yense, Ntchisi yense, kokani mipando!" anayamba Dave. "Lero tili ndi a Nedson Mkwaila, omwe atibweretsera Tandix! Dzina lokhalo likunena: thandizo! Bambo Mkwaila, ndi zoona kuti ndi zaulere?"

"Inde, ndi yaulere, koma ndifotokoze kaye kuti Tandix ndi sisitimu ya..."

"Mwamva nokha! Zaulere! Amapereka ndani?"

"Ndi anthu akufuna kwabwino a maiko akunja, amene..."

"Azungu akufuna kwabwino! Ndiye woyenera kulandira ndi ndani? Okalamba okha? Amasiye?"

"Aliyense. Palibe kusankha. Ndipo ukalandira uli ndi ufulu wogawirako mnzako."

Dave anaomba m'manja yekha. Nedson anayesa kutchula mawu oti kompyuta katatu konse, koma ulendo uliwonse mawuwo ankagwera pansi pa kabelu komwe Dave ankaliza akasangalala. Pomaliza anapatsidwa mphindi imodzi yonse, ndipo anaigwiritsa ntchito bwino: ananena kuti Tandix imadzutsa makina amene ena anawataya, siidwala matenda aja amagwira makina ena, ndipo wofuna abwere Lolemba m'mawa kuwailesi ndi flashi yake.

Anatuluka mu situdiyo thukuta lili kamukamu, mtima uli myaa. Kwa nthawi yoyamba chilengedwere dziko, dzina la Tandix linali litakwera mapiri a Dowa.

Foni ya wailesi inayamba kulira masana omwewo. Inkalira kamodzi n'kudula, kamodzi n'kudula. Anthu anali atamva kuti wofuna kulandira aflashe, ndipo anaflasha mokhulupirika mpaka Lamulungu madzulo.

Lolemba Nedson anavala shati yake yoyera ya ku tchalitchi. Ananyamula maflashi asanu m'thumba, kuchitira ena obwera chimanjamanja, ngakhale mumtima ankadziwa kuti asanu ndi kudzikuza. Atangokhota pa msika anaona njinga. Njinga zakapalasa, njinga zamoto, ngolo ziwiri, ng'ombe zikubzikula mu mthunzi wa mpanda. Bwalo la wailesi linali litadzaza mpaka mumsewu. Amayi anali atakhala pansi mbali ina, abambo mbali ina, aliyense thumba lopinda bwino m'khwapa, chiphaso cha unzika m'manja. Ena anali atanyamuka kwa Kasakula tambala asanalire.

Pageti panaima bambo wamtali wa jekete la chikopa, kope ndi cholembera m'manja. Anamutsekera njira Nedson.

"Kumbuyo, bambo. Tonse tikufuna zomwezo."

"Ndimagwira ntchito pano. Ndine Mkwaila."

Bamboyo anavula chipewa msangamsanga. "Bwana! Pepani, pawailesi mumamveka wonenepa. Ine ndine Tomasi, wapampando wa komiti ya Tandix."

"Komiti yanji?"

"Tasankhana dzulo titatuluka m'tchalitchi. Mlembi alipo, msungichuma alipo. Mayina talemba kale potsata midzi, kuti pasakhale chinyengo. Funso la anthu ndi limodzi: ndi feteleza wobzalira kapena wobereketsa?"

Nedson analowa pageti. Anakwera pakhonde la wailesi, natulutsa flashi imodzi n'kuikweza m'mwamba. Anthu akumbuyo anatsinzina maso kuti aione.

Anafotokoza, ndipo anafotokoza bwino, zimenezo palibe angamulande. Ananena kuti Tandix si feteleza, si ufa, si bungwe. Ananena kuti ndi nzeru zolembedwa, zokhala m'kanthu kakang'onoko, ndipo ukaziika m'kompyuta yakufa imadzuka. Ananena za ufulu: kuti munthu aziyendetsa makina ake popanda kupempha chilolezo kwa kampani ya kutsidya kwa nyanja. Pa mawu oti ufulu amayi angapo anayamba nthungululu, poganiza kuti tsopano afika pa mfundo.

Kenako mayi wina wachikulire anakweza dzanja.

"Zikomo bambo chifukwa cha malangizo. Tamva. Ndiye galimoto ya katundu ifika nthawi yanji?"

"Kulibe galimoto, mayi. Katundu yense ndi ameneyu."

"Kameneko? Tonsefe?"

"Kamakwanira. Timangokopera, sikatha."

Kung'ung'udza kunayambira kumbuyo, monga mwa mwambo wake. Anthu a ku Dowa si ana. Anaonapo mabungwe akubwera ndi kupita, ndipo amadziwa kuti pamene pamveka azungu akufuna kwabwino koma katundu osaoneka, ndiye kuti katunduyo wakhotera kunyumba kwa wina. Wina anakumbutsa anzake kuti Mkwaila ameneyu anafolera nyumba yake ndi malata chaka chatha. Wina anati mkazi wake wayamba kuvala nsapato zatsopano. A Tomasi, poona kuti mpando wawo ukugwedezeka usanathe ngakhale tsiku limodzi, anatembenuka n'kuima kumbali ya anthu.

"Bwana, musatipusitse. Tandix yathu mwaika kuti?"

Posakhalitsa inasanduka nyimbo. Amayi ankatsogolera, abambo n'kumavomera, matumba opanda kanthu akuwuluzidwa m'mwamba: "Tikufuna Tandix yathu! Wakuba! Wakuba!"

Nthawi yomweyo galimoto ya kanema wina wa ku Lilongwe inkadutsa pa M1 kupita ku Kasungu kukajambula mwambo wotsegulira chimbudzi cha pamsika. Mtolankhani wake, Abigail, ataona khamu ndi fumbi, anauza dalaivala kuti aime. Chimbudzi sichithawa.

Nedson ataona kamera ikubwera, mantha onse anamuthera. Zaka zisanu ndi zinayi ankalota kamera. Anakonza kolala.

"Ndinu mkulu wa bungweli?" anafunsa Abigail, atamulozetsa maikolofoni.

"Si bungwe, achemwali. Ndi sisitimu ya kompyuta."

"Chabwino. Ndiye bungwe lanu likuti chiyani pa madandaulo a anthuwa?"

Nedson anayankhula mphindi khumi ndi imodzi. Anatengera wojambula amene anali ndi Abigail m'kachipinda kake, nakankha matsache, n'kumuonetsa kompyuta ija ikugwira ntchito yake mwakachetechete. Anatchula chaka chimene Tandix inayambika. Anapempha kuti dzinalo alilembe ndi x kumapeto. Abigail ankagwedeza mutu mwaulemu uku akuyang'ana wotchi.

Panja zinthu zinatha mmene zimathera. Dzuwa linakwera, njala inayamba kuluma, apolisi awiri anabwera n'kupempha anthu kuti abalalike. Mayi Kachingwe analankhula pa chimkuzamawu kuti wailesi yawo ilibe mbali pa nkhaniyi, ataima mosamala pansi penipeni pa chikwangwani cha Chitunda FM. A Tomasi anachoka pomalizira. Asanapite anatambasula dzanja.

"Kanthu kaja tipatseniko kamodzi. Komiti isabwerere chabe."

Nedson anawapatsa. A Tomasi anali munthu woyamba m'boma lonse la Dowa kupempha Tandix, ndipo ngakhale zinthu zinali choncho, Nedson anamva kachimwemwe.

Madzulo banja lonse linakhala pa kanema. Nkhani yawo inali yachitatu, itangotha ya mtengo wa chimanga. Anaonetsa khamu, matumba, mayi wachikulire uja akunena kuti wayenda kuchokera kwa Kasakula osadya. Anaonetsa a Tomasi akulankhula m'malo mwa anthu ovutika. Kenako kunabwera nkhope ya Nedson, pansi pake atalemba kuti "Nelson Mkwayira, mkulu wa bungwe la Tandex." Pa mphindi khumi ndi imodzi zija anasankhapo mawu asanu ndi limodzi: "Ndi yaulere, koma sioneka ndi maso."

Faines anadzuka n'kukazimitsa kanemayo.

"Mwatchuka, bambo a Susana. Mawa kumsika mupite nokha."

Ndipo anatchukadi. Makondakitala a minibasi pa siteji ankamukuwira kuti "a Tandex, tigawireni!" Ogulitsa tomato ankamukwezera mtengo poti ndi munthu wa mabungwe. Dzinalo linalowa m'chiyankhulo: mwamuna akalonjeza mkazi chitenje osagula, ankati wamuchita tandikisi. Akulu ampingo awiri anabwera kunyumba Lachitatu kudzacheza naye mwachikondi za lamulo lachisanu ndi chitatu, lija loletsa kuba. Mayi Kachingwe okha ndi amene anakondwa, chifukwa chikwangwani cha wailesi chinaoneka pa kanema kawiri. Anamuuza Nedson kuti akakhala ndi nkhani ina ngati imeneyi asachite manyazi.

A Tomasi anabweranso Lachisanu, flashi ili m'manja, nkhope ili gwa.

"Bwana, kanthu kanu n'kowonongeka. Ndakaika pa wailesi yanga, ndakaika pa ya mlamu wanga. Mulibe nyimbo ngakhale imodzi."

Nedson analowa nawo m'kachipinda kake. Anatenga flashiyo, nafufutamo Tandix, n'kuikamo nyimbo za kwaya makumi atatu. A Tomasi anachoka akuyamika, akunena kuti bungweli likanayamba choncho sipakanakhala mavuto.

Patapita sabata, kanema uja anafika kumene Nedson sankayembekezera. Wina anauika pa intaneti, ndipo mmodzi wa anthu makumi anayi aja anaupeza. M'mawa wina Nedson atatsegula imelo anapeza mauthenga oposa zana, chinthu chomwe gulu lawo linali lisanachitepo ngakhale tsiku limene mmodzi wa oyambitsa anamwalira. Anthu aja anali osangalala ngati ana. Pa zaka makumi awiri, Tandix inali isanatchulidwepo pa kanema wa dziko lililonse. Lero taonani: anthu mazanamazana ku Africa, amayi ndi abambo, akuimba dzina lake mumsewu! Wina analemba kuti analira. Wina anafunsa ngati matumba aja anali onyamuliramo makompyuta.

Mayi wa ku Norway amene ankatsogolera gululo anamulembera Nedson payekha. Anamuthokoza chifukwa cha ntchito yaikulu yofalitsa uthenga, napempha kuti awamasulire zimene khamulo linkaimba, kuti aziike patsamba lawo loyamba.

Nedson anakhala nthawi yaitali zala zili pa kiyibodi. Anali munthu wa mpingo, ndipo bodza sankalikonda. Koma anaganizanso za anthu aja, ena mwa iwo okalamba kale, amene kwa zaka zonsezi ankalemba pulogalamu yabwino popanda wowauza ngakhale zikomo. Pomaliza analemba m'Chingelezi chake chaulemu kuti anthuwo ankati akufuna Tandix yawo, ndipo sachoka mpaka ataipeza. Anawerenganso kawiri, napeza kuti palibe liwu labodza, n'kutumiza.

Yankho linabwera tiyi asanazizire. Mayi uja anati zimenezo n'zokhudza mtima kwambiri. Koma panali liwu limodzi lomwe khamulo linkabwereza mwamphamvu, lomveka bwino m'khutu, ndipo iwo analikonda. Tandix yatsopano inali pafupi kutuluka, ndipo mwambo wawo unali woti iliyonse ikamatuluka azipatsa dzina. Kodi a Nedson angakondwe ataitcha "Wakuba", polemekeza anthu a ku Malawi? Nanga liwulo limatanthauza chiyani kwenikweni?

Nedson anayenda kukafika pageti n'kubwerera. Anamwa madzi. Kenako analemba kuti liwulo ndi lovuta kulimasulira, koma kwawo kuno amaitanira munthu amene anthu akukhulupirira kuti ali ndi katundu wambiri wofunika kugawidwa. Anawonjezera kuti mwina pangapezeke dzina lina losavuta kutchula, ndipo anaperekako atatu.

Mayina ake atatuwo sanapeze voti ngakhale imodzi. Mwezi wa Disembala, mvula itayamba, Tandix 7 "Wakuba" inatuluka, ndipo patsamba loyamba panali chithunzi cha a Tomasi atakweza chibakera, kumbuyo kwawo Nedson ali pakhonde ndi shati yoyera, akuoneka ngati munthu amene akuwerenga njira zothawira.

Anamuonetsa Faines pa foni. Faines anayang'ana chithunzicho, nawerenga dzinalo, n'kuseka mpaka kukhala pansi pakhonde, misozi ili mbwembwembwe. Atapezako mpweya anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Koma akulu ampingo asaone zimenezi. Adzati mwavomera."